Njira za Agile zogwirira ntchito m'magulu

Agile ndi dzina la njira zingapo zogwirira ntchito zimene magulu opanga mapulogalamu a pakompyuta amatsatira pofuna kupereka ntchito yawo m'zigawo zing'onozing'ono, m'malo modikira kuti zonse zithe kaye. Mawuwa ndi a Chingelezi ndipo amanena za chinthu chochangamuka, chotha kutembenuka msanga. Gulu lotsatira Agile limapanga kachigawo ka pulogalamu, n'kukapereka kwa anthu oti akagwiritse ntchito, n'kumva maganizo awo, kenaka n'kukonzanso mapulani malinga ndi zimene laphunzira. Njira zodziwika kwambiri ndi Scrum, Kanban ndi Extreme Programming. Zambiri mwa njirazi zinayambira m'makampani a ku United States ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, koma zinatengera kwambiri nzeru za m'mafakitale a ku Japan. Masiku ano zimapezekanso m'mabanki, m'maofesi a boma ndi m'nthambi zotsatsa malonda.

Njirazi zimasiyana pa kagawidwe ka nthawi, maudindo a anthu, misonkhano ndi kayezedwe ka ntchito. Njira yothandiza gulu lina ikhoza kulemetsa gulu lina, ndipo gulu likasankha molakwika limataya nthawi m'misonkhano yopanda phindu, anthu amatopa, ndipo pulogalamu imachedwa chimodzimodzi ngati kale.

Mbiri

Kwa zaka zambiri mapulogalamu akuluakulu ankapangidwa motsatira ndondomeko yofanana ndi ya zomangamanga. Poyamba akatswiri ankalemba zonse zimene pulogalamu iyenera kuchita, ena n'kujambula mapulani, ena n'kulemba pulogalamuyo, ndipo kuyesa kunkabwera kumapeto. Ndondomekoyi inadzatchedwa waterfall, kutanthauza mathithi, chifukwa ntchito imatsika kuchoka pa sitepe ina kupita pa ina osabwerera m'mwamba. Mu 1970 Winston W. Royce analemba nkhani yofotokoza ndondomekoyi, ndipo m'nkhani yomweyo anachenjeza kuti imaika ntchito pachiswe, popeza zolakwika zazikulu zimaonekera pa nthawi yoyesa, ndalama ndi nthawi zitapita kale. Ngakhale zinali choncho, makampani ndi maboma anapitiriza kuigwiritsa ntchito chifukwa inkagwirizana ndi mmene makontirakiti ndi mabajeti amalembedwera.

Mu 1986 akatswiri awiri a ku Japan, Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka, analemba nkhani m'magazini ya Harvard Business Review yonena za mmene makampani monga Honda, Canon ndi Fuji-Xerox ankapangira katundu watsopano. Iwo anapeza kuti makampaniwa ankadalira magulu a anthu a luso losiyanasiyana, ogwirira ntchito limodzi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Anayerekezera zimenezi ndi masewera a rugby, mmene timu yonse imasunthira mpira pamodzi, mosiyana ndi mpikisano wothamanga mopatsirana kamtengo. Dzina loti Scrum linachokera m'fanizo limeneli.

M'zaka za m'ma 1990 munabadwa njira zingapo zimene panthawiyo zinkatchedwa njira zopepuka. Jeff Sutherland anayamba kuyesa Scrum ku kampani ya Easel mu 1993, ndipo iye ndi Ken Schwaber anaifotokoza poyera pa msonkhano wa OOPSLA mu 1995. Ku Britain kunayambika DSDM mu 1994. Kent Beck anayamba kuumba Extreme Programming mu 1996 pa ntchito yopanga pulogalamu ya malipiro a antchito ku kampani ya galimoto ya Chrysler. Jeff De Luca anakonza Feature-Driven Development mu 1997 pa ntchito ya banki ina ku Singapore, pamene Alistair Cockburn anakonza njira zotchedwa Crystal.

Kuyambira pa 11 mpaka pa 13 February 2001, anthu 17 a m'njira zosiyanasiyanazi anakumana ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku United States. Ena mwa iwo anali Beck, Schwaber, Sutherland, Cockburn, Martin Fowler, Ward Cunningham, Jim Highsmith ndi Robert C. Martin. Kumeneko anagwirizana za dzina loti Agile ndipo analemba chikalata chachifupi chotchedwa Manifesto for Agile Software Development, chokhala ndi mfundo zikuluzikulu 4, ndipo pambuyo pake anawonjezerapo mfundo 12 zozifotokoza.

Mfundo zimene njira zonse zimagwirizana

Chikalata cha mu 2001 chimaika zinthu ziwiriziwiri pa sikelo. Chimati kumvana kwa anthu ogwira ntchito n'kolemera kuposa malamulo a ntchito ndi zipangizo. Pulogalamu imene ikugwiradi ntchito ndi umboni wabwino kuposa mulu wa zikalata zoifotokoza. Kukambirana ndi kasitomala nthawi ndi nthawi kumapindulitsa kuposa kukangana pa zimene zinalembedwa mu kontirakiti. Ndipo zinthu zikasintha, ndi bwino kusintha nazo kusiyana ndi kukakamira pulani yakale. Olembawo ananenetsa kuti zinthu za mbali inayo, monga mapulani ndi zikalata, zili ndi ntchito yake. Choncho amene amati Agile imaletsa kulemba zikalata kapena kupanga mapulani amalakwitsa.

Mfundo 12 zija zimatchula zinthu monga kupereka pulogalamu yogwira ntchito pafupipafupi, kuyambira pa milungu ingapo mpaka miyezi ingapo. Kugwira ntchito pa liwiro limene anthu angalipirire kwa nthawi yaitali. Kusamala luso la kalembedwe ka pulogalamu. Ndi kukhala pansi nthawi ndi nthawi kuona zoyenera kukonza. Chikalatachi sichitchula msonkhano uliwonse, udindo uliwonse kapena chipangizo chilichonse. Zimenezo zimachokera m'njira iliyonse payokha.

Scrum

Malamulo a Scrum ali m'kabuku kotchedwa Scrum Guide, kamene Schwaber ndi Sutherland anatulutsa koyamba mu 2010 ndi kukakonzanso kangapo, kuphatikizapo mu November 2020. Ntchito imagawidwa m'nyengo zofanana kutalika zotchedwa Sprint, ndipo iliyonse sipitirira mwezi umodzi. Magulu ambiri amasankha milungu 2. Sprint ina ikatha, ina imayamba nthawi yomweyo.

Gulu la Scrum nthawi zambiri limakhala la anthu 10 kapena ocheperapo, ndipo lili ndi maudindo atatu. Product Owner ndi munthu mmodzi amene amasankha zoyenera kuyamba kupangidwa, ndipo ndiye amasanja mndandanda wa zonse zofunika wotchedwa Product Backlog. Ma Developer ndi onse amene amapanga chinthucho, kaya ndi olemba mapulogalamu, oyesa kapena ojambula maonekedwe ake. Scrum Master amathandiza gulu kumvetsa ndi kutsatira Scrum, ndiponso amayesetsa kuti zopinga zichotsedwe. Iye si bwana wogawa ntchito, chifukwa gulu limagawana lokha.

Mu Sprint iliyonse mumachitika misonkhano inayi:

Sprint Planning, pamene gulu limagwirizana cholinga cha Sprint ndi ntchito zimene litenge. Pa Sprint ya mwezi umodzi msonkhanowu supitirira maola 8.

Daily Scrum, msonkhano wa mphindi 15 wa tsiku ndi tsiku, pamene ma Developer amaona ngati akuyandikira cholinga ndi kukonza pulani ya tsikulo.

Sprint Review, pamene gulu limaonetsa zimene lapanga kwa anthu okhudzidwa ndi kukambirana zochita kutsogolo. Supitirira maola 4.

Sprint Retrospective, pamene gulu limaunika kagwiridwe kake ka ntchito ndi kusankha zoti lisinthe. Supitirira maola 3.

Sprint ikakhala yaifupi, misonkhanoyi nayo imafupika. Mkati mwa Sprint saloleza kusintha kumene kungasokoneze cholinga chake, ndipo ndi Product Owner yekha amene ali ndi mphamvu yoithetsa isanathe. Gulu limakhalanso ndi muyezo wogwirizana wonena kuti ntchito yatha, wotchedwa Definition of Done. Ntchito imene sinafike pa muyezowo siiwerengedwa kuti yatha, ngakhale itatsala pang'ono.

Scrum imathandiza kwambiri gulu lopanga chinthu chatsopano, limene lingathe kutsekera zina zonse kunja kwa mlungu umodzi kapena iwiri n'kulimbana ndi cholinga chimodzi. Kufooka kwake n'koti sinena chilichonse za luso la kalembedwe ka pulogalamu, ndiponso imadalira kuti Product Owner akhale ndi nthawi komanso mphamvu zenizeni zogamula.

Kanban

Kanban ndi mawu a Chijapani otanthauza chikwangwani kapena khadi. Taiichi Ohno wa ku Toyota anakonza njirayi kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, potengera mmene masitolo akuluakulu a ku America ankabwezeretsera katundu pa mashelefu pokhapokha wina akagula. M'fakitale, khadi linkakhala chilolezo chopangira zida zina, motero palibe amene ankapanga zambiri kuposa zimene sitepe yotsatira inkafuna. David J. Anderson anagwiritsa ntchito ganizoli pa mapulogalamu ku Microsoft mu 2004, kenaka ku Corbis, ndipo analifotokoza m'buku lake la mu 2010.

Gulu la Kanban limajambula bolodi logawidwa m'mizere yoimira masitepe a ntchito, mwachitsanzo zodikira, zimene zikupangidwa, zimene zikuyesedwa ndi zimene zatha. Ntchito iliyonse imalembedwa pa khadi lake, ndipo khadilo limasuntha kuchoka kumanzere kupita kumanja. Chinthu chachikulu pa njirayi ndi malire a ntchito zimene zili mkati. Ngati mzere wa zoyesedwa uli ndi malire a makhadi 3 ndipo wadzaza, palibe amene angakankhiremo khadi lachinayi. Amene wamaliza gawo lake amapita kukathandiza poyesa m'malo moyamba ntchito ina. Mwa njira imeneyi, pamene ntchito imatsamwa pamaonekera poyera.

Chifukwa chake malirewa amafulumizitsa ntchito chimafotokozedwa ndi lamulo la masamu limene John Little anatsimikizira mu 1961. Lamuloli limati, zinthu zikamayenda mokhazikika, avereji ya nthawi imene ntchito imatenga ndi yofanana ndi chiwerengero cha ntchito zimene zili mkati chitagawidwa ndi chiwerengero cha zimene zimatha pa nthawi inayake. Gulu lokhala ndi ntchito 12 mkati, lomaliza 3 pa mlungu, limatenga milungu 4 pa ntchito iliyonse. Gulu lomwelo likatsitsa ntchito za mkati kufika pa 6, ntchito iliyonse imatuluka pa milungu 2, popanda wina kugwira maola owonjezera.

Kanban siikakamiza maudindo atsopano kapena nyengo zoikika. Gulu limayambira pa mmene likugwirira ntchito lero n'kumasintha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake imayenerera magulu amene ntchito imawafikira mosayembekezereka, monga okonza zolakwika za pulogalamu imene anthu akugwiritsa kale ntchito, osamalira makompyuta a kampani, kapena oyankha madandaulo a makasitomala. Vuto lake n'loti gulu losadziletsa limangokhala ndi bolodi lokongola lopanda malire, ndipo palibe chimene chimasintha.

Extreme Programming

Extreme Programming, imene mwachidule imatchedwa XP, inafotokozedwa m'buku la Kent Beck la mu 1999 lotchedwa Extreme Programming Explained, limene linakonzedwanso mu 2004. Mosiyana ndi Scrum ndi Kanban, XP imalowa mkati mwa kalembedwe ka pulogalamu. Zina mwa zizolowezi zake ndi izi: anthu awiri amalemba pulogalamu pa kompyuta imodzi, wina akulemba wina akuunika, mayeso odziyendetsa okha amalembedwa gawo la pulogalamu lisanalembedwe, ntchito ya anthu onse imaphatikizidwa kangapo pa tsiku ndi kuyesedwa nthawi yomweyo, mkati mwa pulogalamu mumakonzedwa kawirikawiri kuti mukhale mosavuta kusintha, aliyense m'gulu ali ndi ufulu wokonza gawo lililonse, ndipo woimira kasitomala amakhala ndi gulu kuti aziyankha mafunso. XP imakananso kugwira maola owonjezera mlungu ndi mlungu, ponena kuti munthu wotopa amachulutsa zolakwika.

Zizolowezi zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti kusintha pulogalamu pafupipafupi kukhale kotheka. Gulu lopanda mayeso odziyendetsa okha limayenera kuyesa zonse ndi manja nthawi iliyonse likasintha kanthu, ndipo pulogalamu ikamakula kuyesako kumadya Sprint yonse. Mu 2009 Martin Fowler analemba za vuto limeneli, la magulu otsatira misonkhano yonse ya Scrum koma osasamala luso, amene liwiro lawo limatsika chifukwa mkati mwa pulogalamu mwasokonekera. N'chifukwa chake magulu ambiri amaphatikiza misonkhano ya Scrum kapena bolodi la Kanban ndi zizolowezi za XP.

Njira zina

Mary ndi Tom Poppendieck anatulutsa buku la Lean Software Development mu 2003, lotengera nzeru za Toyota zochotsa chilichonse chosapindulira kasitomala, monga ntchito yosiyidwa pakati, kudikira chilolezo ndi kupanga zinthu zimene palibe adzazigwiritse ntchito. DSDM imakhazikitsa tsiku lomaliza, ndalama ndi ubwino wa ntchito, n'kulola kuti kuchuluka kwa zopangidwa kusinthe. Imagwiritsa ntchito kasanjidwe kotchedwa MoSCoW, kogawa zofunika m'magulu anayi: zosalephereka, zofunika koma zotheka kudikira, zongowonjezera, ndi zimene sizipangidwa ulendo uno. Scrumban, imene Corey Ladas anaifotokoza chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, imasunga ina mwa misonkhano ya Scrum koma ntchito imayenda ndi malire a Kanban.

Zoyenera kuona posankha njira

Funso loyamba ndi la mmene ntchito imabwerera. Gulu limene lingadziwe Lolemba zimene ligwire m'milungu 2 ikubwerayo lingapindule ndi Sprint. Gulu limene theka la ntchito yake ndi zadzidzidzi limaphwanya pulani ya Sprint tsiku lachitatu, ndipo Kanban imaliyenerera bwino. Njira yosavuta yodziwira ndiyo kuwerenga ntchito za miyezi ingapo yapitayo ndi kuona kuti ndi zingati zimene zinali zokonzekera.

Lachiwiri ndi kuchuluka kwa zosadziwika. Dave Snowden, amene anayamba kukonza kaganizidwe kotchedwa Cynefin mu 1999 ali ku IBM, amasiyanitsa mavuto amene katswiri angawaunike n'kupeza yankho asanayambe ntchito ndi mavuto amene yankho lake limadziwika pokhapokha munthu atayesa. Agile imapindula kwambiri pa mavuto a mtundu wachiwiriwu, monga pulogalamu yatsopano ya pafoni imene palibe akudziwa mmene anthu adzailandirire. Ntchito yodziwika bwino, imene yachitikapo kambirimbiri ndipo kuibwereza n'kodula, ikhoza kuyenda bwino ndi pulani yolembedwa pachiyambi.

Lachitatu ndi kupezeka kwa munthu wogamula. Njira zonse za Agile zimafuna wina amene anganene kuti ichi chiyambe, icho chidikire, ndiponso anthu enieni oyesa zimene zapangidwa. Ngati chigamulo chilichonse chimadikira komiti yokumana kamodzi pa miyezi itatu, Sprint ya milungu 2 singafulumizitse kanthu.

Lachinayi ndi kukula kwa gulu. Fred Brooks, m'buku lake la mu 1975 lotchedwa The Mythical Man-Month, anasonyeza kuti kuwonjezera anthu pa ntchito ya mapulogalamu imene yachedwa kale kumaichedwetsa kwambiri. Chifukwa chimodzi n'choti njira zolankhulirana zimachuluka mofulumira kuposa anthu. Pakati pa anthu 5 pali njira 10, pa anthu 10 pali 45, ndipo pa anthu 20 pali 190. Gulu likapitirira anthu 10, kawirikawiri limagawidwa pawiri. Gulu liyeneranso kukhala ndi maluso onse ofunika kuti limalize ntchito palokha, apo ayi limangodikira anthu a m'nthambi zina.

Lachisanu ndi kuopsa kwa cholakwika. Barry Boehm ndi Richard Turner, m'buku lawo lotchedwa Balancing Agility and Discipline, anatchula zinthu 5 zoyezera: kukula kwa gulu, kuopsa kwa ntchito, kuchuluka kwa kusintha, luso la anthu ndi chikhalidwe cha bungwe. Pulogalamu yoyendetsa ndege kapena makina a kuchipatala imatsatira miyezo yokhwima, monga DO-178C pa ndege ndi IEC 62304 pa zipangizo zachipatala, imene imafuna umboni wolembedwa wa sitepe iliyonse. Magulu otere akhoza kugwirabe ntchito m'zigawo zing'onozing'ono, koma zikalata ndi kuunika kwapadera zimalowa mu muyezo wawo wonena kuti ntchito yatha.

Lachisanu ndi chimodzi ndi kontirakiti. Ngati mtengo, tsiku lomaliza ndi mndandanda wa zopangidwa zonse zakhomeredwa pachiyambi, gulu lilibe poti lisinthe likaphunzira zatsopano. Makontirakiti ogwirizana ndi Agile amasiya chimodzi mwa zitatuzi chomasuka, kawirikawiri mndandanda wa zopangidwa, kapena amalipira gawo ndi gawo.

Pomaliza pali malo ndi chikhalidwe. Gulu limene anthu ake ali m'mayiko osiyana nthawi limavutika kupeza ola la msonkhano wa tsiku ndi tsiku, choncho limadalira kwambiri bolodi la pa intaneti ndi mauthenga olembedwa. Ndiponso msonkhano wounika kagwiridwe ka ntchito umakhala wopanda pake ngati anthu amaopa kunena zimene zalakwika. Amy Edmondson wa ku Harvard anasonyeza mu kafukufuku wake wa mu 1999 kuti magulu amene anthu ake amamasuka kuvomera zolakwa ndi kufunsa mafunso ndiwo amaphunzira bwino.

Kuyerekezera ndi kuyeza ntchito

Magulu ambiri amalemba zofunika ngati tinkhani tachidule totchedwa user story, tonena kuti ndani akufuna chiyani ndipo chifukwa chiyani. Poyerekezera kukula kwa ntchito, ena amagwiritsa ntchito mapointi m'malo mwa maola. Pa njira ya planning poker, imene James Grenning anaifotokoza mu 2002, aliyense amasankha khadi la nambala mobisa, onse n'kuonetsa nthawi imodzi, kuti mawu a munthu wamkulu asakokere ena. Pamene manambala asiyana kwambiri m'pamene pali chinthu chimene gulu silinamvane. Mapointi amene gulu limamaliza pa Sprint amatchedwa velocity.

Mapointi ndi velocity sizili mu Scrum Guide, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza gulu kukonza pulani yake. Gulu lililonse lili ndi muyezo wakewake, choncho kuyerekezera velocity ya magulu awiri n'kosathandiza. Mabwana akayamba kuigwiritsa ntchito poweruza anthu, mapointi amakwera koma ntchito yeniyeni siiwonjezeka. Magulu a Kanban amakonda kuyeza masiku amene khadi limatenga kuchoka poyambira kufika pomaliza, ndi chiwerengero cha makhadi otha pa mlungu. Buku la Accelerate la mu 2018, lolembedwa ndi Nicole Forsgren, Jez Humble ndi Gene Kim, linatchula miyezo 4: kuti pulogalamu imatulutsidwa kangati, nthawi imene kusintha kumatenga kuti kufike kwa ogwiritsa ntchito, gawo la zotulutsidwa limene limabweretsa vuto, ndi nthawi yokonzera vutolo.

Magulu ambiri pa ntchito imodzi

Bungwe likakhala ndi magulu ambiri opanga chinthu chimodzi, pamafunika njira yowagwirizanitsa. SAFe, imene Dean Leffingwell anaitulutsa mu 2011, imasonkhanitsa anthu 50 mpaka 125 kuti azikonza pulani limodzi pakapita milungu ingapo, ndipo ili ndi maudindo ambiri owonjezera. LeSS ya Craig Larman ndi Bas Vodde imasunga Product Owner mmodzi ndi mndandanda umodzi wa magulu onse. Nexus ya Ken Schwaber inatuluka mu 2015. Mu 2012 Henrik Kniberg ndi Anders Ivarsson anafotokoza mmene kampani ya Spotify ya ku Sweden inagawira magulu ake panthawiyo, ndipo makampani ambiri anakopera mayina a maguluwo, ngakhale olembawo ananena kuti ankangofotokoza zimene zinalipo nthawi imeneyo. Melvin Conway anaona kale mu 1968 kuti kapangidwe ka pulogalamu kamafanana ndi mmene anthu oipanga amalankhulirana. Choncho magulu akamadikirana kwambiri, nthawi zina chofunika ndi kuwagawa mwatsopano kuti lililonse lizitha kumaliza gawo lake palokha.

Zitsanzo ndi zodzudzula

Bungwe la FBI ku United States linasiya pulogalamu yake yosungira milandu yotchedwa Virtual Case File mu 2005 itadya pafupifupi madola 170 miliyoni. Ntchito yolowa m'malo mwake, yotchedwa Sentinel, inayamba mu 2006 ndipo nayo inachedwa. Mu 2010 bungweli linaitengera m'manja mwake ndi gulu laling'ono lotsatira Scrum, ndipo pulogalamuyo inayamba kugwira ntchito mu July 2012, ngakhale inadutsabe tsiku limene gululo linalonjeza poyamba. Ku Britain, nthambi ya Government Digital Service, yokhazikitsidwa mu 2011, inaika Agile pakati pa miyezo imene ntchito za boma za pa intaneti ziyenera kutsatira. Komabe Agile siitsimikiza kuti ntchito ipambana. Pulogalamu ya malipiro ya Chrysler, kumene XP inabadwira, inathetsedwa mu 2000 isanafike polipira antchito onse amene anaikonzera.

Ena mwa odzudzula kwambiri ndi anthu omwe analemba nawo chikalata cha mu 2001. Mu 2014 Dave Thomas anadandaula kuti dzina la Agile lasanduka malonda a maphunziro, masatifiketi ndi alangizi. Ron Jeffries analemba za mabungwe amene amagwiritsa ntchito Scrum popanikiza antchito, pamene msonkhano wa tsiku ndi tsiku umakhala wopereka lipoti kwa bwana ndipo Sprint iliyonse imakhala ngati tsiku lomaliza. Odzudzula ena amati kuyang'ana milungu 2 yokha kumachititsa magulu kunyalanyaza mapulani a nthawi yaitali, chitetezo cha pulogalamu ndi zikalata zimene odzalowa m'malo adzafune.

Pa zifukwa zimenezi, akatswiri ambiri amalangiza gulu latsopano kuti lisankhe njira imodzi, liitsatire mokwanira kwa miyezi ingapo, kenaka lisinthe chinthu chimodzi pa nthawi n'kuona zotsatira zake. Zinthu zimene gulu limagwirizana lisanayambe ndi izi: amene amasanja zoyenera kuyamba, tanthauzo la ntchito yotha, kutalika kwa Sprint kapena malire a ntchito za mkati, kalandiridwe ka ntchito zadzidzidzi, ndi tsiku lokumana kuti liunike mgwirizanowo.

Onaninso

Scrum
Kanban
Extreme Programming
Toyota Production System
Mapulogalamu a pakompyuta